Munthu Wakutali Sitimuuza Zoopsa

Magwegwe, Bulawayo, Loweruka masana

Thokozani mwana wanga,

Wangotuluka kumene kupita ku Pumula kukatsanzikana ndi amalume ako, ndipo ndikudziwa kuti sakumasula msanga, pakuti mchimwene wanga uja akati apemphere amayambira kwa Adamu. Ndiye ndapeza mpata. Masutikesi ako atsekereza njira ya kuchipinda, ndapunthwapo kale chala. Mphatso ali panja pakadzuwa ndi anzake, ndamuveka juzi ndi chipewa monga munalamulira, adokotala. Ine ndakhala patebulo kuti ndilembe zimene pakamwa panga pakhala pakukana sabata yonseyi.

Ndikulemba m'Chichewa dala, ndipo usachite tsinya. Ndikudziwa kuti umamva bwinobwino, koma ukati uyankhe lilime limathawira ku Chindebele ndi Chingerezi. Munthu amene anamaliza mabuku a udokotala onenepa ngati njerwa sangagonje ndi timasamba ta mayi ake. Uwerenge mosathamanga. Mawu ena akakuvuta usawadumphe, udzandifunse.

Mawa ukukwera ndege kupita kudziko lozizira kukaphunzira zozama za matenda a magazi ndi khansa ya ana. Ukundisiyira Mphatso, mwana wako mmodzi yekhayo, wa zaka zinayi, amene ali ndi sikoselo, matenda a magazi omwe aja anatenga mchimwene wako Sipho. Kutchalitchi akundigwira chanza, akuti, "Nabanda, mwabala ndithu!" Ine ndimaseka nawo. Koma ndikuuze zoona, mwana wanga, ndikuopa. Ndikuopa mpaka chakudya chikundikana. Ndege sindikuiopa, yanyamula anthu ambiri. Matendawa ndimawaopa, inde, koma tinadziwana nawo kalekale. Amene ndikumuopa kwambiri ndi ineyo. Ukusiya mwana wodwala m'manja mwa munthu amene moyo wake wonse wakhala akubisa, ndipo ndikufuna udziwe bwino munthu ameneyo usanatseke sutikesi yomaliza.

Nkhani ya Sipho umaidziwa, koma unaimva zidutswazidutswa, chifukwa pamene zinkachitika n'kuti uli kumbuyo kwanga pansalu. Ine ndinabwera kuno kuchokera ku Ntcheu ndili mtsikana, kudzakwatiwa ndi bambo ako amene anabadwira konkuno. Sabata yoyamba yomwe anandikhazika pansi. Anati, "Kunjaku ndine Ncube. Phiri ndi wa m'nyumba muno." Ankagwira ntchito kunjanji, ndipo anali atatopa kutchedwa mNyasalandi, kunenedwa kuti ndife afiti, anthu opanda kumudzi. Sindinamuweruze, ndipo mpaka lero sindimuweruza. Ndinaphunzira moni wa Chindebele, ndipo pogula tomato ndinkachepetsa mawu kuti lilime lisandigwiritse. Mwana woyamba tinamutcha Sipho kuti kusukulu asamakafunsidwe. Ngakhale dzina lakolo tinalisankha chifukwa limayenda mbali zonse ziwiri popanda wolifunsa chiphaso.

Sipho asanayambe n'kuyenda komwe, timanja ndi timapazi take tinkatupa ngati mandasi, akulira kosatonthozeka, maso ali chikasu. Kuchipatala dokotala wina wachinyamata anamuyang'ana nthawi yaitali, kenako anandifunsa kudzera mwa nesi kuti, "Livela ngaphi, mama?" Ankafuna kudziwa kumene makolo athu anachokera. Kuseri kwa katani kunali amayi awiri a mumsewu wathu, makutu ali tcheru. Ndinayankha msangamsanga kuti, "Singabalapha, dokotela," kutanthauza kuti ndife a konkuno. Anagwedeza mutu n'kulemba zina. Iwe unadzandifotokozera utakula kuti masiku amenewo madokotala a kuno sankawaganizira msanga matendawa, pokhapokha akamva kuti banja linachokera kumpoto, ngati kwathu ku Malawi. Munthu uja anali atafika pakhomo penipeni pa matenda a mwana wanga, ine n'kumutsekera chitseko kumaso. Mwana anamwa mankhwala a njoka za m'mimba, a chifuwa, a chilichonse, zaka n'kumapita. Anadzatulukira ndi dokotala wina amene anandipezerera m'wodi ndikumuimbira mwana kanyimbo kakwathu chapansipansi. Anafunsa kuti chimenecho n'chilankhulo chanji. Magazi anayezedwa, dzina la matenda linapezeka, koma kathupi kanali katatopa kale. Mapanga awiri avumbwitsa, mwana wanga, ndipo amene anavumbwa ndi Sipho.

Tsono iwe, kaya uko kaya ukadzabwerera kuno, mayi akakuyankha mothamanga za kumene akuchokera, usafulumire kulemba. Yang'ana amene ali kuseri kwa katani. Tulutsa anthu, tseka chitseko, ndipo uyambe ndiwe kudziulula: "Ine mayi anga ndi a ku Ntcheu." Mayi wobisa si wopusa, ndi wamantha. Ndiponso iweyo akakakufunsa kumeneko kuti ndiwe wa kuti, usakazungulire. Ukanene zonse, Bulawayo ndi Ntcheu yemwe.

Chachiwiri ndicho chikundidya kwambiri masiku ano, chifukwa kuyambira mawa iwe ukhala munthu wakutali. Kwathu munthu wakutali sitimuuza zoopsa. Timati angakomoke panjira, angachite ngozi pothamanga. Wodwala akafooka timatumiza mawu ofewa, akamwalira timati matenda akula, bwerani. Timachita zimenezi chifukwa cha chikondi, ndipo wobadwira kumudzi aliyense amadziwa kuti uthenga wa matenda ukangotumizidwa, zinthu zafika poipa. M'nyengo yozizira ngati inoyi, bambo ako ali kuntchito cha ku Hwange, Sipho anatentha thupi, milomo inayera, mimba inatupa mbali ya kumanzere. Anamugoneka m'chipatala. Ndinathamangira ku ofesi ya njanji kuti atumize uthenga, ndipo mlembi atagwira cholembera ndinati, "Mumuuze kuti mwana sakupeza bwino pang'ono." Ine mumtima ndinali nditakuwa. Mwamuna wa ku Ntcheu akanasiya fosholo pomwepo n'kukwera chilichonse choyenda. Koma bambo ako anakulira ku Barbourfields, pakati pa mafakitale ndi mpira, mwambo umenewu palibe anamuphunzitsa. Anamaliza sabata yake mwamtendere, anagulira mwana malalanje panjira, n'kufika kuno kupeza mipando ili panja ndi nsalu yofiira ya maliro pageti.

Sanandikalipire, mwana wanga. Bola akanandikalipira. Anangoima pakhonde, malalanje ali m'manja, n'kundifunsa kuti, "Bwanji sunanene?" Ine ndinati, "Ndinanena." Tonse awiri tinkanena zoona, ndipo mpaka tsiku limene anamwalira funso limenelo linkagona pakati pathu. Iwe ndiwe mwana wa bambo ako, wobadwira m'tauni, ndipo sukulu yakuwonjezera matendawo. Munthu akakuuza kuti bwino umalemba kuti bwino. Ukumbukire kuti mayi ako analeredwa mwina.

Za bambo ake a Mphatso sindifuna kukutsegula bala, koma mbali yanga ndiyenera kuinena. Iwe unali utadziyeza kale kusukulu ya udokotala, unkadziwa kuti unatengera mbewu ya matendawa ngakhale sudwala. Unamufunsa mnyamatayo za magazi ake, iye anaseka, akuti, "Ife ndife a Sibanda, eni dziko lino, zimenezo kwathu kulibe." Tsiku limene tinapita kukaonana ndi akwawo, agogo ake anandipatsa moni m'Chindebele, ndipo ine khutu langa linamva Dedza yense m'lilime lawo. Iwonso anamva Ntcheu mwa ine. Tinayang'anana, tinamwetulirana, n'kupitiriza Chindebele chathu chothyokathyoka, aliyense kusungira mnzake ulemu. Pobwerera m'kombi, minibasi ya kuno, ndinafuna kukuuza, koma ndinati n'chipongwe kuvula munthu chovala chimene nanenso ndavala. Mdzukulu wangayu sindingamusinthanitse ndi chilichonse pansi pano, zimenezo uzidziwe. Koma mukanayezetsa nonse mukanadziwa zimene mukulowa, ndipo mwina mnyamatayo sakanathawira ku Joni atangoona timanja totupa. Ulemu umene umapweteketsa mwana si ulemu. Ukamafunsa mabanja za magazi awo, usachite manyazi kufunsa mpaka kwa agogo.

Ntchito imene wasankhayi ndikudziwa kumene inachokera. Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko. Unakula ukuona chithunzi cha Sipho pakhoma, ndipo uli wamng'ono unkandifunsa mafunso amene ndinkawayankha ndi tsache, kuti pita ukasese panja. Sindidzaiwala tsiku limene unanditengera kuntchito kwako n'kundiuza kuti ndiike diso pa maikulosikopu. Unati, "Amayi, awa ndi magazi a Mphatso. Tozunguliratu n'tabwino. Topindika ngati chikwakwato ndi timene timakola m'timitsempha, ndiye mwana amamva ululu." Ndinayang'ana mpaka diso linatuluka misozi. Zaka zonsezo ndinali nditaganizira anansi, ndinali nditaganizira apongozi anga, ndinali nditamutengera Sipho kwa mneneri wina wa kuthengo amene anamusambitsa madzi ozizira m'mwezi wozizira, osadziwa kuti kuzizirako ndiko kumautsa ululu. Mdani wanga ndinamuona tsiku limenelo, ndipo anali kanthu kosaoneka n'komwe ndi maso. Ukamathandiza amayi, uziwaonetsa monga unandionetsera ine. Mayi amene sanaone mdani wake amadana ndi anthu osalakwa.

Pa kafukufuku wako ndinakulakwira, ndipo unandikhululukira msanga kuposa mmene ndinadzikhululukira. Unabwera ndi maganizo akuti uziyenda m'matchalitchi a anthu akwathu, kuno ku Magwegwe, ku Pumula ndi ku Barbourfields, kubaya makanda kachidendene n'kutenga kadontho ka magazi, kuti odwala adziwike asanayambe kuvutika ndipo ayambe mankhwala nthawi ilipo. Ine ndinakuchonderera kuti usatchule Sipho kapena Mphatso pagulu. Ndinati anthu adzanena kuti banja lathu lili ndi tsoka. Unandimvera. Ndiye Lachinayi lina kumsonkhano wa amayi, wina anaimirira n'kunena kuti, "Magazi a ana athuwa akupita nawo kuti? Si akukagulitsa kunja amenewa?" Amayi onse anang'ung'udza. Ine, mayi ako, ndinali pomwepo, ndavala yunifolomu yanga yoyera, ndipo ndinangoti maso pabuku la nyimbo ngati ndikufuna nambala. Patsiku loyeza panabwera anthu oti n'kuwawerenga pa dzanja limodzi.

Lamlungu lotsatira sunandifunsenso. Unaimirira kutsogolo, Mphatso ali m'chiuno, n'kulankhula Chichewa chako chopunduka chija. Unati, "Uyu ndi mwana wanga. Ali ndi matenda amenewa. Mchimwene wanga anafa nawo chifukwa tinadziwa mochedwa." Ine ndinafuna nthaka ing'ambike. Anthu ena anaseka katchulidwe kako, koma tikutuluka amayi anali atandanda mpaka kumpanda, makanda ali m'manja. Amayi aja anakunenera zogulitsa magazi anabweretsa adzukulu awo onse. Apa sindingakulangize zambiri, unandiposa. Ndingokukumbutsa chimodzi. Ukatenga magazi a mwana wa munthu, ubwerere wekha ukamuuze zimene wapeza, ngakhale akhale kumathero kwa Pumula kumene kombi imatembenukira. Uko ukupita adzakuombera m'manja chifukwa cha zimene wapeza m'magazi a ana athu. Akamakuombera, uzikumbukira kuti dontho lililonse lili ndi mayi ake amene akudikira yankho.

Chinanso ndi cha kuwodi ya khansa. Ndinakubweretsera chakudya tsiku lina, ndipo podikira ndinakhala pafupi ndi mayi wina amene mwana wake wamwamuna anali ndi khansa ya m'magazi, tsitsi lonse litathothoka, diripi ili pamkono. Mtima unandipweteka, ndiye ndinamugwira dzanja mayiyo n'kunena kuti, "Musadandaule, achira ameneyu. Dokotala wake ndi mwana wanga, ndikulumbira achira." Iwe unali utamva. Unandikokera pakhonde, maso ali psuu, n'kunena kuti, "Amayi, musadzalonjezenso ndi dzina langa." Ndinakwiya, ndinabwerera kunyumba ndikulankhula ndekha kuti sukulu yaumitsa mwana wanga mtima. Patapita miyezi ndinakumana naye mayi uja pokwerera makombi m'tauni, atavala zakuda. Anandizindikira. Anati m'Chindebele, "Inu munati achira." Kenako anawonjezera kuti, "Koma mwana wanu anandikhazika pansi n'kundiuza zoona. Ndiye ndinaitana bambo ake ku Joni nthawi ilipo, anamunyamula m'manja asanapite." Ndinalira m'kombi njira yonse, mpaka kondakitala anaiwala kundifunsa kotsikira. Iwe unam'patsa bambo uja chimene ine ndinamana bambo ako.

Usadzasiye kunena zoona choncho, ngakhale akuluakulu ngati ine akukwiyire. Koma uzikhala pansi ponena. Usanene utaima pakhomo, dzanja lili pachitseko.

Tsopano za iweyo, chifukwa nawenso ndikukuopera. Ntchito yakoyi imadya munthu. Ndakhala ndikukuona ukabwera madzulo mwana wina akamwalira m'wodi. Sulowa m'nyumba, umakhala pa kreti kuseri pafupi ndi dimba, nsapato zili kuphazi. Ine ndimadziwa, ndimakubweretsera tiyi, ndimakhala pambali pako mpaka ubwerere. Nanga uko adzakuona ndani? Ndamva kuti kumeneko dzuwa limalowa anthu asanaweruke, ndiponso munthu amatha kukhala chaka osadziwa dzina la woyandikana naye. Ukafunefune anthu, mwana wanga. Akhale a tchalitchi, akhale anzako a kuntchito, bola akhale anthu oti akaona kuti wasowa akugogodera. Ukafuna kulira, lira, udokotala sutha ndi misozi. Ndipo uzidya. Tiyi ndi mabisiketi si chakudya, ngakhale uzinene m'Chingerezi. Ukayenda siya phazi, usasiye mlomo, ngakhale mlomo wakowo unautengera kwa ine ndiye sindikuyembekezera zozizwitsa.

Ndikuopanso kuti sudzabwera. Ndanena. Kumeneko ukapeza makina amene kuno umangowaona m'mabuku, mankhwala osatha, magazi osungidwa oti mwana akafuna palibe kudikira. Ana amene kuno umawataya, kumeneko uzikawaona akuchira n'kubwerera kusukulu. Ndani angakudzudzule ukanena kuti ndatopa kugonja? Ana a anzanga ambiri anapita ndi lonjezo la zaka ziwiri, pano amangotumiza zithunzi za chipale chofewa. Sindikukumanga ndi chingwe. Ndingoti amayi aja anandanda kumpanda aja anakukhulupirira chifukwa ndiwe wawo, ndipo wina aliyense akabwera ndi jakisoni adzatseka mageti. Kwanu n'kwanu, m'thengo mudalaka njoka. Ukatenge nzeruzo ubwere nazo, Mphatso asanaiwale fungo lako.

Zimene unandiphunzitsa ndikuzidziwa, usadandaule. Mankhwala m'mawa uliwonse, ngakhale alire. Madzi azimwa ambiri. Asazizidwe, asasambe madzi ozizira. Ndiziyang'ana m'maso ndi milomo. Ndizigwira pansi pa nthiti za kumanzere kuti ndimve ngati kapamba watsika kuposa malo ake. Thupi likatentha kudutsa pa nambala ija unandionetsa pa choyezera, palibe za panado, palibe za tione mawa, palibe za m'busa, koma kuchipatala nthawi yomweyo. Wandiyesa mayeso ngati mwana wa sukulu mpaka ndatopa nawe. Manja anga akudziwa ntchito. Ndipo ndikukulonjeza pamaso pa Mulungu kuti mwambo wakwathu uja ndausiya. Chilichonse chimene chichitike kwa mwanayu ndidzakuuza tsiku lomwelo, m'mawu ake enieni, kaya uli pa mayeso kaya uli

Ndinalekezera pamenepo, mwana wanga. Zotsalazi ndikulembera pabenchi ya chipatala, pepala lili pabondo, ndiye ukhululuke zilembo. Iwe uli mkatimo ndi Mphatso. Zambiri ukuzidziwa kale, koma zimene zinachitika ndisanakuimbire sukuzidziwa, ndipo uyenera kuzidziwa.

Ndili mkati molemba lonjezo lija, Mphatso analowa. Sanathamange monga amachitira. Anayenda chogwira khoma, n'kudzatsamira pamwendo panga. Anati, "Gogo, kubuhlungu lapha," kutanthauza kuti pakupweteka apa, atagwira kumimba. Thupi linali moto. Ndinamuyeza, nambala inali itadutsa. Ndinamugoneka pasofa n'kugwira pansi pa nthiti, ndipo kapamba ndinamupeza pansi kwambiri, pamalo pamene sindinamupezepo. Milomo inali itayera. Ndinaiona milomo imeneyo kale, pa mwana wina, m'nyumba yomweyo.

Ukudziwa chimene chinabwera m'mutu mwanga? Si chipatala ayi. Ndinayang'ana masutikesi ako. Ndinati Thokozani wavutikira ulendowu zaka zonsezi, malo amenewa sapereka kawiri, akamva sakwera ndege. Ndinati Mphatso ndimumwetse panado, ndimufunditse, akabwera mayi ake ndinene kuti wagona msanga chifukwa chotopa ndi masewera, ndipo mawa ndege ikangonyamuka ndithamange naye. Botolo ndinalitsegula, Thokozani. Ndinawerama pa mdzukulu wanga, ndipo mawu akuti "usawauze amayi ako" anafika palilime. Inki ya lonjezo langa inali isanaume n'komwe.

Sindikudziwa chimene chinandigwira dzanja. Ndinatenga foni. Unayankha ukuseka, kumbuyo kukumveka mawu a amalume ako. Unati, "Linjani lapho, Amayi?" kufunsa mmene tilili. Ndipo pakamwa panga panayankha pokha kuti, "Tili bwino." Unamva wekha. Unati chabwino, ndikubwera posachedwa, ndipo unatsala pang'ono kudula. M'pamene ndinakuwa kuti, "Ayi, Thokozani, ndanama! Mwana watentha thupi, kapamba watsika, milomo yayera. Akudwala kwambiri!" Chibadwire sindinanenepo mawu otero kwa munthu amene sali pamaso panga. Iwe sunakomoke, sunachite ngozi panjira monga tinkaopera kwathu. Unangoti, "Pemphani galimoto kwa aneba, nyamukani pompano, tikumana komweko." Unafika ife tisanafike, ndipo sindikudziwa kuti kombi ya ku Pumula inauluka bwanji.

Watuluka posachedwapa kudzandiuza kuti akumuwonjezera magazi, kuti milomo yayamba kubwerera, ndiponso kuti tikanadikira mpaka mawa bwenzi tikunena zina. Unandigwira phewa n'kunena kuti, "Mwachita bwino, Amayi." Ndinangogwedeza mutu, koma sindinachite bwino kwenikweni, ndipo ndi chifukwa chake ndapempha cholembera kwa nesi.

Za ndege sindikuuza chochita. Mwina anthu akowo akulola kusuntha tsiku, mwina sakulola. Uganize wekha, koma uganize uli ndi zoona zonse m'manja, kuphatikizapo za botolo la panado lija. Ukaona kuti sungandisiyire mwanayu, sindikwiya, ndipo sindidzakuimba mlandu. Ukaona kuti ungathe, dikira achire, kenako pita ukaphunzire, chifukwa m'wodi mmenemo muli ana ena ambiri ndipo si onse ali ndi mayi dokotala. Mantha anga sanathe. Akula, chifukwa lero ndadziona ndekha. Koma ndaonanso kuti pakamwa pangapa, ngakhale mochedwa ndi mpweya umodzi, pamatha kutseguka.

Ndiye pempho langa lomaliza ndi ili. Ukadzandiimbira uli kutaliko, ine n'kuyankha kuti tili bwino, usadule. Usandikalipire, usandithamangitse. Ungokhala chete pafonipo, undidikire.

Ndine mayi ako wokukonda,

Nabanda